Ndemanga yanga pa ntchito younika ndi kuika mtengo mfuti yakale ya malemu amalume

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana pa zifukwa ziwiri zomwe ndinene kutsogoloku, koma pa chimene ndinalipirira, chondiuza kuti mfutiyi ndi yamtundu wanji ndipo ingagulidwe ndalama zingati, mmisiri wa mfuti amene ndinapitako ndilibe naye mlandu.

Mfutiyo inali ya malemu amalume anga. Za chilolezo ndi kusintha umwini zitatha, ndinatsala ndi chitsulo cholemera makilogalamu anayi chomwe ngakhale dzina lake sindinkalidziwa. Pabanja aliyense anali ndi yake. Ena ankati inamenya nawo nkhondo yoyamba yapadziko lonse, azakhali ankalumbira kuti ndi ya ku Germany. Ine ndinaona zilembo zoti M47C pa chitsulo chozungulira pogwirira paja, ndipo ndinangoti basi, inapangidwa mu 1947. Tonse tinaphonya.

Poyamba ndinawatumizira zithunzi mmisiriwo, ndikuganiza kuti andiuza mtengo pafoni pomwepo. Anakana. "Bambo, dzina la mfuti ndingakuuzeni pachithunzi, koma chithunzi sichionetsa m'kati mwa mpope, ndipo ndalama zili m'menemo." Ndinaona ngati akungofuna kundikoka kuti andidyere. Nditaona m'kati mwa mpopewo ndi maso anga ndinamvetsa.

Tsiku lomwe ndinapita nayo, asanafunse chilichonse anachotsa magazini (kabokosi kosungira zipolopolo), n'kukoka bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo m'mpope n'kutseka kumbuyo kwake), n'kusuzumira, n'kupisanso chala kuti atsimikize kuti mulibe chipolopolo. Ndinali nditawauza kale kuti mulibe. Sanandimvere, ndipo anachita bwino. Kenako anapempha chiphaso changa, n'kufananiza nambala yapapepala ndi yapamfuti. Mapepala akanakhala osalongosoka, akuti sakanaigwira n'komwe.

Dzina anatchula nthawi yomweyo: Lee-Enfield No. 4 Mk I, ya ku Britain, yodya zipolopolo za .303, khumi mu magazini. Chomwe ndinakonda n'chakuti sanangondipatsa dzina, anandionetsa mmene ndingazindikirire ndekha. Pa No. 4 cholozera chakumbuyo ndi kabowo kosuzumirapo, ndipo chili kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa bolt, pomwe kamwa la mpope limatulukira pang'ono kunja kwa thabwa. Mkulu wake, SMLE Mk III ya 1907 yomwe inamenyadi nkhondo yoyamba, cholozera chake chimakhala pamwamba pa mpope, cha pakati pa mfuti, ndipo mphuno yake ndi yobuntha, yovala chitsulo mpaka kumapeto. No. 4 inayamba kupangidwa mochuluka mu 1941, ndiye nkhani ya nkhondo yoyamba inathera pomwepo.

Nanga M47C? Si chaka ayi. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri mafakitale a ku Britain anapatsidwa zilembo ndi manambala m'malo mwa mayina, ndipo M47C inali fakitale ya kampani yopanga mfuti ya BSA ya ku Shirley, kufupi ndi Birmingham. Chaka chenichenicho chinali m'munsi mwake, chitakwiririka ndi litsiro ndi mafuta ouma. Anapukuta ndi kansalu, 1944 n'kuonekera. Anandiuzanso kuti mfuti ya mtundu womwewu inkapangidwanso ku Fazakerley ndi ku Maltby m'dziko la Britain lomwelo, ku Long Branch m'dziko la Canada, ndiponso ndi kampani ya Savage ku America, komwe ankadindapo mawu oti U.S. PROPERTY. Osonkhanitsa mfuti zakale amasiyanitsa zimenezi, ndipo mitengo yake imasiyananso.

Tinakhalitsa pa zidindo, chifukwa mbiri yonse ya mfuti ili pamenepo. Kachizindikiro kokhala ngati nsonga ya muvi n'kosonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Kumanzere kunali zilembo zolembedwa mofowoka, ngati zokanda ndi singano, zoti FTR ndi 48: mu 1948 mfutiyi inabwerera kufakitale, n'kuphwasulidwa yonse, ziwalo zotha n'kusinthidwa. Pampope panali chisoti chachifumu ndi zilembo BNP, chidindo cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, chomwe inalandira itatuluka m'manja mwa asilikali kupita kumsika wa anthu wamba. Anafufuzanso mosamala zilembo DP. Mfuti yodindidwa DP ndi yoguba nayo pa perete basi, si yowombera, ndipo anati alipo anthu osakhulupirika omwe amazifafaniza. Yanga inalibe.

Tsopano pa mtengo, apa ndi pomwe mtima unatsika. Ine ndinkawerengera zaka: mfuti ya zaka 80, ndalama zake ziyenera kukhala zoopsa. Iwo anaseka pang'ono, n'kunena kuti mfuti zimenezi zinapangidwa mamiliyoni, ukalamba wokha sugula kanthu. Wogula amafunsa zinthu zitatu: manambala akugwirizana kodi, m'kati mwa mpope muli bwanji, ndipo thabwa lake alipo analiseweretsa?

Pa manambala ndinagwa. Nambala ya pa thupi la mfuti ndi ya kuseri kwa chogwirira cha bolt zimayenera kufanana. Zanga zinasiyana. Nthawi ina m'mbuyomo wina anaikamo bolt ya mfuti ina, ndipo palibe chomwe ndingachite, chifukwa bolt yake yeniyeni sidzapezekanso. Kudindapo nambala yatsopano kuti zifanane ndi chinyengo, ndipo odziwa amaona kusiyana kwa zilembozo. Kusiyanaku sikukhudza mtengo wokha. Bolt yachilendo ikhoza kusiya mpata waukulu kumbuyo kwa chipolopolo, chikopa cha chipolopolocho n'kung'ambika powombera. Anayeza ndi tizitsulo toyezera tooneka ngati zipolopolo, ndipo mpatawo unali m'malire oyenera. Apa ndinaphunzira kuti mutu wa bolt ya No. 4 umamasulidwa, ndipo ulipo wa misinkhu inayi, 0 mpaka 3, kuti mmisiri azitha kuchepetsa mpata mfuti ikamatha. Wanga ndi 2. Ukanakhala 3 ndiye kuti pothawira patha.

M'mpope analowetsamo kakamera kakang'ono, ine n'kumaonera pa kompyuta. Mizere isanu yopota yomwe imazungulitsa chipolopolo inkaoneka bwino, koma cha pakati panali madontho akuda, timaenje ta dzimbiri. Anandifotokozera gwero lake, ndipo ndinaleka kuwaimba mlandu wa ulesi amalume. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere m'mpope, mchere umene mafuta sausungunula. Umafuna madzi, n'chifukwa chake asilikali ankathira madzi otentha m'mpope akatha kuwombera. Munthu wongopaka mafuta mokhulupirika ankasungira mchere pansi pa mafutawo, chinyezi chikabwera dzimbiri n'kuyamba. Poyambira mizere panalinso popserera pang'ono, ntchito ya wonga wa cordite womwe umayaka motentha kwambiri. Chigamulo chawo chinali choti mpopewo ndi wapakatikati: ungawombere, koma si wodzitama nawo. Ananenanso kuti mipope ina ya nthawi ya nkhondo ili ndi mizere iwiri yokha, ndipo chimenecho si chilema, ankangofulumizitsa ntchito.

Thabwa ndiye linandipulumutsa, ndipo langizo la apali lokha likukwana ndalama zomwe ndinalipira. Mfuti zambiri zoterezi zitagulitsidwa kwa alenje zinadulidwa matabwa akutsogolo kuti zipepuke, zina n'kuboola thupi kuti amangirepo galasi lolozera. Zoterozo osonkhanitsa sazifuna. Ya amalume inali yathunthu, kungoti anaipaka vanishi wonyezimira ngati tebulo. Ndinaulula kuti ndinali nditagula kale sandipepala kuti ndiipale ioneke yatsopano ndisanaigulitse. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Bambo, mukanapala ndalama zanu." Pathabwalo pali tizidindo ting'onoting'ono tomwe sandipepala amafafaniza pa mphindi imodzi, ndipo m'mbali mwake mukabulungika, wodziwa amaona patali. Vanishi amachoka ndi mankhwala, pang'onopang'ono, kenako n'kupaka mafuta a linseed, ochokera ku njere za fulakesi, omwe mfutizi zinkapakidwa kuyambira kale. Chitsulonso anandiletsa kuchikwecha kapena kuchidetsanso mwatsopano.

Mtengo sanandipatse umodzi koma itatu: wogulitsira mofulumira kwa wamalonda, wogulitsira munthu wosonkhanitsa ngati ndili ndi nthawi yodikira, ndi wolembetsera ku inshuwalansi, womwe unali wokwera kuposa yonse. Anandionetsa kuti akuwerengera mfuti zofanana nayo zomwe zinagulidwadi, osati mitengo yomwe ogulitsa amangolemba pa intaneti mfuti n'kukhala chaka osayenda. Manambalawo sindiwalemba pano, chifukwa amasintha malinga ndi dziko, malamulo ake ndi chaka, ndipo angangosokoneza wina. Ndingonena kuti anali otsika kuposa maloto anga, koma okwera kuposa zomwe mnzawo wina wa amalume anandiuza kuti andipatsa "pondithandiza".

Zodandaula zanga ndi izi. Lipoti lolembedwa analonjeza sabata imodzi, linabwera patatha masabata atatu nditaimba foni kawiri, ndipo linali tsamba limodzi lopanda chithunzi chilichonse cha zidindo zija. Zonse zokoma zomwe anandifotokozera pakamwa munalibe. Ndinachita kupempha kuti awonjezere, ndipo anawonjezeradi, koma ndikanapanda kulemba m'kope langa tsiku lija bwenzi theka nditaiwala.

Chachiwiri ndiye chinandikhumudwitsa kwambiri. Atangotha kundiuza mitengo, anati ngati ndikufuna angaigule okha, pa mtengo wotsika uja. Woweruza mtengo akakhalanso wogula, umayamba kukayikira chilichonse chomwe wanena, ngakhale chitakhala choona. Kunena zoona sanandikakamize, ndipo ndi iwo omwe anandiuza kuti ndikafunsenso kwina. Ndinakafunsadi, ndipo mmisiri wachiwiriyo sanasiyane nawo kwenikweni, kupatula kuti mpope anauona woipirapo pang'ono. Komabe mawu ogulawo akanadikira tsiku lina, lipoti nditalandira kale.

Kwa amene akupita: tengani zonse zomwe munazipeza pamodzi ndi mfutiyo, ndipo musatsuke kanthu. Ine lamba wake ndi benete (chobayira chomangirira kumphuno kwa mfuti) yooneka ngati msomali waukulu ndinazisiya m'bokosi kunyumba, ndikuziyesa zinyalala. Anati zimenezo zili ndi zidindo zakezake ndipo zimawonjezera mtengo, ndikazibweretsa adzazilemba mu lipoti osandilipiritsanso. Mpaka pano sindinapite nazo, ndipo vanishi ndachotsa kuchitako kokha.