Sowo yamagetsi yotchipa ija, patatha miyezi isanu ndi itatu

Zaka zonse zimene ndakhala ndikupala matabwa kuno ku Chibavi ndinkadula ndi sowo yamanja, mpaka phewa linayamba kundidzutsa usiku. Itandipeza oda ya madesiki a sukulu ina yapulayiveti, ndinadziwa kuti ndi manja okha ndichita manyazi. Ndinatsikira m'tauni ku shopu ina ya hadiweya. Sowo zamagetsi za Makita ndi Bosch ndinangozisisita n'kuzibwezera pa shelefu, mitengo yake ndi ya anthu ena. Ndinanyamula ina yochokera ku China, ya mawati 1400, mpeni wozungulira wa mamilimita 185, pulagi ya mano atatu yolowa bwinobwino m'masoketi athuwa.

Mphamvu ili nazo, pamenepo ndisaname. Imamira m'thabwa kupitirira pang'ono mamilimita 60, ndiye thabwa la mainchesi awiri imalidula ulendo umodzi. Paini wa ku Chikangawa imangodutsa ngati mpeni pa mbatata yophika. Bulugamu wouma ndiye imasintha kaliridwe, ndipo mukaikakamiza mumamva fungo la kupsa. Mpeni wobwera nayo ndi wa mano 24, wabwino pong'amba thabwa mulitali, koma pulayiwudi umamusiya m'mphepete muli nyenyeswa zokhazokha. Ndinakagula wina wa mano 40. Manambala a makona amene analemba pa chitsulo chapansi musawakhulupirire, ine ndimayeza ndi sikweya.

Vuto lake lenileni lili pa chotchinga mpeni, kachitsulo kaja kamene kamabwerera kokha ndi sipuling'i mukamaliza kudula. Sipuling'i ya sowo iyi ndi yofooka. Utomoni wa paini ukasakanikirana ndi utuchi umamatirira mkatimo, ndipo pasanathe mwezi chotchingacho chinayamba kubwerera mwaulesi. Tsiku lina sichinabwerere n'komwe. Ine osaona, ndinaitsitsa sowo pa benchi mpeni ukadazungulira. Inayenda yokha chambuyo, kudula chingwe chake chomwe, n'kugwera pansi pafupi ndi phazi langa. Ndinali nditavala masilipasi.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse, pulagi ili kunja, ndimakoka chotchingacho n'kuchisiya kuti ndimve ngati chikuti kha! Chikachedwa ndimatsuka ndi mswachi wakale ndi timadontho ta parafini. Ndipo sindiitula pansi mpeni usanaime. Anzanga ena pa mashedi a m'tauni muno amachimangirira ndi waya kuti chisamawasokoneze, ena amaitembenuza sowo n'kuikhomera kunsi kwa tebulo, mano ali pamtunda opanda chotchinga chilichonse. Amati ntchito imathamanga. Imathamangadi, koma mukawapatsa moni ena a iwo werengani zala.

Ngozi yachiwiri inali cholakwa changa, sowo ndisainamizire. Matabwa ambiri amene timagula kuno amabwera ali aawisi, ndipo ndi mvula ya Mzuzu kuti aume bwino pamafunika kudekha kumene oda sikupatsa. Ndinagoneka thabwa lalitali pa mabenchi awiri, uku ndi uku, n'kuyamba kudula pakati. Litatsala pang'ono kuduka linawerama, mbali ziwiri zija n'kuupana mpeni. Sowo inadumpha kubwerera kumene ndinali, mwaukali moti sindinadziwe kuti yachoka liti m'thabwamo. Mwayi wake ndinaima chammbali ndipo ndinaigwira ndi manja onse awiri, ndiye inangodutsa m'mphepete mwa ntchafu. Mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa ntchito anataya pulena.

“Amalume, yakupwetekani?”

“Ayi. Koma waona? Ukadzadula chonchi ndidzakubweza kwa mayi ako.”

Tsopano thabwa ndimalipana ndi kilampu mbali imodzi, chidutswa chodukacho n'kuchisiya chilendewere kuti chikagwe chokha. Pong'amba paini wamuwisi mulitali, mng'alu umakonda kutsekeka kumbuyo kwa mpeni, ndiye ndimaimitsa sowo n'kulowetsamo kachidutswa ka thabwa. Mpeni ndimautsitsa kuti kunsi kwa thabwa kungotuluka nsonga za mano, osati theka lonse. Ndipo umayenera uthamange kaye usanakhudze thabwa. Matabwa ogwetsa pa denga lakale ndimayamba ndawafufuza misomali, chifukwa dzino limodzi likathyoka limauluka ngati mwala wa legeni.

Chimene ndaikondera ndi kabatani ka pambali kamene muyenera kudina kaye musanakoke switchi, ndiye siyaka mwangozi mukainyamula. Komabe magetsi akazima pulagi ndimazula. Mnyamata uja ndinamupeza tsiku lina akumasula mpeni pulagi ili m'khoma, ati poti magetsi kulibe. Kodi amabwera atakuimbira foni? Chingwe chake n'chachifupi, ndipo kulumikiza mawaya n'kumanga ndi jumbo pa dothi lonyowa la kuno n'kudziitanira maliro. Gulani ekisitenshoni yeniyeni, muzichiponya chingwecho kumbuyo kwanu podula.

M'katoni munali sipanala, kachitsulo kolondolera mzere, ndi mabulashi awiri apadera, timakala topereka magetsi mkati mwa mota. Magalasi a m'maso munalibe, zotsekera m'makutu munalibenso, ndipo wogulitsa sanazitchule n'komwe. Phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) tsiku lonse limapha makutu pang'onopang'ono, ndipo sowo zamtunduwu zimafika cha m'ma 100. Sabata yoyamba ndinkagona makutu akulira ngati muli nkhululu, mayi a kunyumba akundiyankhula ine n'kumangoti “mwati?” Zotsekera m'makutu n'zotchipa kuposa mpeni umodzi. Magolovesi okhuthala aja sindivala podula, ngakhale m'kuzizira kwa June, chifukwa mano akakola nsalu amakoka ndi dzanja lomwe.

Kwa kalipentala wa shedi yaing'ono ngati ine, wodula paini ndi pulayiwudi, sowo iyi ndalama yake inabweza pa madesiki aja. Amene mumadula mlombwa kapena mbawa tsiku ndi tsiku sungani ndalama mugule yolimba, iyi muiotcha. Mabulashi oyamba anatha mwezi watha, ndaikamo a m'katoni aja, ndipo panopa ndikufunsafunsa kwa okonza zamagetsi ngati ndingapeze sipuling'i yolimbirako ya chotchinga chija.