DC-3, C-46 kapena DC-6: Ndi Iti Yoyenera Kusenza Katundu ku Arctic?

Anzanga okonda ndege, mkangano wa DC-3 ndi C-46 sutha, ndipo wina akatchula DC-6 umayambiranso poyamba. Zonsezi ndi ndege za mapulopela zimene zinauluka koyamba pakati pa 1935 ndi 1946, koma mpaka lero zikugwirabe ntchito yolipidwa kumpoto kwa Canada ndi ku Alaska. Ku Yellowknife, ku Canada, kuli Buffalo Airways, kampani ya Joe McBryan imene inayamba mu 1970; ku Fairbanks, ku Alaska, kuli Everts Air Cargo. Midzi yambiri ya kumeneko ilibe msewu wofikako chaka chonse. Malole amadutsa pa madzi oundana kwa milungu yochepa m'nyengo yozizira, zombo zimayenda mumtsinje m'chilimwe, ndipo nthawi yotsalayo ufa, dizilo, malata ndi makalata zimadzera mumlengalenga, n'kutera pa mabwalo a miyala opanda phula.

Poziyika pamodzi, DC-3 ili ngati pikapu, C-46 ngati lole ya matani asanu ndi awiri, DC-6 ngati thiraki yodutsa malire.

Tiyambe ndi DC-3, imene asilikali ankaitcha C-47 kapena Dakota. Inauluka koyamba pa 17 December 1935, ndipo kuphatikiza zopangidwa ku Soviet Union ndi ku Japan, zinapangidwa zoposa 16,000. Kuchuluka kumeneku ndi theka la mphamvu yake lero: zida zosinthira zikupezekabe, mabuku ake alipo, makaniko oidziwa sanathe. Ili ndi injini ziwiri za Pratt & Whitney R-1830, iliyonse ya masilinda 14 ndi horsepower 1,200. Imanyamula katundu wa matani pafupifupi atatu. Oyendetsa amaikonda chifukwa ndi yofatsa: imatera pang'onopang'ono, siifuna bwalo lalitali, ndipo imatha kuvekedwa ma ski (zitsulo zophwatalala zotsetsereka pa chipale) n'kutera pa nyanja youndana kumene kulibe bwalo n'komwe. Chovuta chake n'chakuti matani atatu ndi ochepa. Mudzi ukafuna katundu wa sitolo yonse, ulendo umodzi sukwana, ndipo ulendo uliwonse wowonjezera ndi mafuta ena, malipiro ena, komanso mwayi wina wakuti nyengo ikutsekereni njira.

Apa ndipo C-46 Commando imalowera. Ya kampani ya Curtiss iyi inauluka koyamba mu 1940, ndipo zinapangidwa zopitirira pang'ono 3,000. Mbiri yake inamveka pa nkhondo yachiwiri, pamene inkadutsa pamwamba pa mapiri a Himalaya kuchokera ku India kukasiya katundu ku China. Injini zake ndi ziwirinso, koma ndi R-2800 ya masilinda 18 ndi horsepower 2,000. Mimba yake ndi yaikulu, khomo lake ndi lotakasuka, ndipo imasenza matani asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kuwirikiza kawiri DC-3, chikhalirecho imatera pa bwalo la miyala lomwelo. N'chifukwa chake Buffalo yakhala ikuitumiza m'chigwa cha mtsinje wa Mackenzie, ku Norman Wells, Tulita, Déline ndi Fort Good Hope.

Koma C-46 si ndege yosekerera munthu. Thupi lake ndi lalitali m'mbali, mchira wake ndi waukulu, ndipo tayala lachitatu lili kumbuyo. Mphepo ikamawomba cham'mbali potera, imakankha thupi lonselo n'kufuna kutembenuza mphuno kuti iyang'ane kumene mphepoyo ikuchokera. Pa bwalo loterera ndi madzi oundana, mabuleki sathandiza kwenikweni. Woyendetsa amalimbana nayo ndi mapazi komanso ndi mphamvu ya injini, kuwonjezera mbali imodzi n'kuchepetsa inayo. DC-3 nayonso ili ndi tayala kumchira, inde, koma imakhululuka. C-46 siikhululuka, ndipo ndi yolemera kuiwongolera. Injini imodzi ikazima itangonyamuka ndi katundu wodzaza, yotsalayo imagwira ntchito ya mtima bii. Onjezani kuti zouluka zatsala zochepa kwambiri padziko lonse, moti kampani yoisunga imayenera kukhalanso ndi ndege zakufa kuseri kwa hangala zochotsako zida. Woyendetsa wachinyamata wophunzira C-46 akuphunzira luso limene angaligulitse kwa mabwana awiri kapena atatu okha.

DC-6 ndi nkhani ina. Inauluka koyamba mu 1946, zinapangidwa 704, ndipo ili ndi injini zinayi za R-2800 zomwe zija. Imanyamula matani pafupifupi 13, imathamanga kuposa ziwiri zija, imafika kutali, ndipo tayala lake lachitatu lili kutsogolo, kotero mphepo ya m'mbali siyivutitsa chimodzimodzi, komanso pansi pa m'kati mwake pamakhala posapendekeka pokweza katundu. Mu DC-3 ndi C-46 migolo imakankhidwa chokwera chifukwa ndegeyo imakhala chotsamira kumchira. Amene ananyamulapo mgolo wodzaza akudziwa tanthauzo lake. Ku Alaska, kumene midzi ya kugombe ili kutali ndi Anchorage ndi Fairbanks, DC-6 ndiyo yakhala msana wa ntchito ya Everts, kuphatikizapo kunyamula mafuta a majeneleta ndi otenthetsera nyumba.

Mtengo wa zabwinozo nawu. Khomo lili pamwamba, choncho popanda forklift kumudziko katundu satsika mosavuta. Imafuna bwalo lalitaliko. Imafuna anthu atatu kutsogolo, wachitatuyo kukhala injiniya woyang'anira injini. Ndipo werengani masilinda: DC-3 ili nawo 28, C-46 ili nawo 36, DC-6 ili nawo 72. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndiye kuti makaniko wa DC-6 akuyang'anira mapulagi 144. Silinda iliyonse ndi malo amene pangatuluke oyilo kapena pangang'ambike.

Za DC-4, mkulu wake wa DC-6, sindichedwapo. Ili ndi injini zinayi koma katundu wake ndi wochepa poyerekeza ndi DC-6, ndipo zatsala zowerengeka. Mu April 2024 imodzi yonyamula mafuta inagwa m'mbali mwa mtsinje wa Tanana itangonyamuka ku Fairbanks, anthu awiri anali m'menemo n'kumwalira.

Kuzizira kumazunza zonse mofanana, chifukwa injini zake ndi za mtundu umodzi, masilinda ozungulira ngati nyenyezi. Kukafika madigiri 40 pansi pa ziro, oyilo amauma moti injini siingatembenuke. Ogwira ntchito amadzuka usiku, n'kufunditsa injini ndi mahema, n'kulowetsamo mpweya wotentha wochokera ku makina otchedwa Herman Nelson kwa ola limodzi kapena kuposa. Ndege ikagona, oyilo amatsikira m'masilinda apansi. Mukailiza osayamba mwatembenuza pulopela pang'onopang'ono kuti muone ngati silinda yadzaza, pisitoni imagunda oyiloyo n'kupinda chitsulo chake, injini n'kuwonongeka isanachoke pansi. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa ntchitoyo: injini ziwiri kapena zinayi, mahita awiri kapena anayi, m'mawa uliwonse. Pamenepa C-46 imapambana DC-3 moonekeratu, chifukwa pa injini ziwiri zokha zotenthetsa mumasenza katundu wa DC-3 kuwirikiza kawiri, pafupifupi theka la katundu wa DC-6.

Ndikanati tilekere pomwepa, ndikanapereka mphoto kwa C-46 pa mabwalo afupi ndi DC-6 pa maulendo atali. Koma chimene chikugamula mlanduwu lero si mapiko kapena masilinda. Ndi mafuta.

Injini za mapisitoni zimamwa petulo wa ndege wotchedwa avgas 100LL, wokhala ndi mtovu. Ndege za jeti ndi za turboprop (injini ya mtundu wa jeti yozungulitsa pulopela) zimamwa mafuta a mtundu wa palafini. Kumpoto, palafiniyu amapezeka pa mabwalo ambiri chifukwa pafupifupi ndege zonse zatsopano zimamwa yemweyo, pamene avgas akusowa ndipo ndi wodula. Ndege yakale nthawi zambiri imanyamula mafuta obwererera kuchokera kwawo, ndipo kilogalamu iliyonse ya mafuta amenewo ndi kilogalamu ya katundu wolipidwa yotsala pansi. Kusakaniza mitundu iwiriyi ndi imfa, ndipo ife Amalawi tili ndi chifukwa chokumbukirira: pa 4 April 1974, DC-4 ya Wenela yobweza anthu ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa inagwa itangonyamuka ku Francistown, petulo wake atasakanikirana ndi mafuta a jeti. Anthu oposa 70 anafa, ambiri a iwo Amalawi, ndipo Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno.

Ndiye pali njira yachinayi, imene okonda kulira kwa injini zakale amaida: Basler BT-67. Kampani ya ku Oshkosh, ku Wisconsin, imatenga DC-3 yakale, n'kuiphwasula, n'kutalikitsa thupi lake ndi pafupifupi mita imodzi, n'kuikamo injini za turboprop za PT6A-67R. Zotsatira zake ndi ndege yomwa palafini, yolira msanga m'chisanu, yosenza zambiri kuposa DC-3 wamba, yoterabe pa miyala ndi pa ma ski. Kenn Borek Air ya ku Calgary imaziulutsa ku Arctic ndi ku Antarctica, ndipo bungwe la ku Germany la Alfred Wegener Institute limagwiritsa ntchito ziwiri, Polar 5 ndi Polar 6, pa kafukufuku wake. Vuto ndi ndalama. BT-67 imagulidwa ndi mamiliyoni a madola, ndalama zimene boma kapena bungwe la sayansi lingapeze, koma zolemetsa kampani yonyamula zakudya za m'sitolo. DC-3 yakale ngongole yake inatha kalekale, ndipo ikakhala pansi sabata yathunthu chifukwa cha chimphepo, palibe banki ikugogoda pakhomo. Komanso BT-67, ngakhale yatalikitsidwa, siifika pa katundu wa C-46, ndipo C-46 ilibe kampani yoisinthira injini chotero.

Kwa ine, wofuna kuphunzira kuyendetsa ayambe ndi DC-3, chifukwa luso lake lidzamutengera ku BT-67, kumene ntchito idzakhalapobe. Woyendetsa kampani imene ili kale ndi C-46, makaniko ake ndi nkhokwe ya zida, asaitaye msanga: palibe ndege ina ya injini ziwiri ya mtengo wotero yotsitsa matani asanu ndi limodzi pa bwalo lalifupi la miyala. Koma woyamba kumene asaigule. DC-6 ndi ya amene ali ndi katundu wodzaza tsiku ndi tsiku, avgas wodalirika pa bwalo lakwawo, ndi forklift kumene akupitako. Ngakhale Buffalo yeniyeniyo, pa katundu wolemera ndi maulendo atali, inatengako Lockheed Electra, ndege ya 1957 ya mapulopela anayi, koma yomwa palafini.