qemu-img, VBoxManage kapena virt-v2v: iti imadzutsadi Windows?

Anzanga a IT muno mu Lilongwe, makamaka amene mukusamutsa maseva kuchoka ku VMware kupita ku Proxmox (mapulogalamu oyendetsa makina a virtual, makompyuta okhala m'kati mwa kompyuta ina), mwandifunsa kokwanira pa WhatsApp kuti ndi pulogalamu iti yosinthira mtundu wa fayilo ya diski imene imasiya Windows ikudzukabe. Ndiyankhe pamodzi.

VBoxManage clonemedium, lamulo la pulogalamu ya VirtualBox, imachita bwino posintha diski pakati pa mitundu ya VDI, VMDK ndi VHD. Kupitirira apo musaivutitse. StarWind V2V Converter ndi yaulere ndipo ili ndi mabatani odina pa Windows.

Ine mtima wanga uli pa qemu-img. Mzere umodzi, qemu-img convert -p -f vmdk -O qcow2 seva.vmdk seva.qcow2, basi ntchito yayamba. Lozani kafayilo kakang'ono ka .vmdk, osati zidutswa za -s001 ndi -s002 zija. Ngati pali snapshot (chithunzi cha mmene diski inalili nthawi ina), iphatikizeni kaye ndi diski yaikulu, apo ayi seva idzadzuka ndi deta yakalekale, a akawunti n'kuyamba kukuimbirani.

Komatu qemu-img imangokhuthula ufa m'thumba kuuthira mu ndowa, za m'kati siikhudza. Windows imene inazolowera disk controller ya VMware ikapeza VirtIO, controller ya mu Proxmox, ilibe driver yake, ndiye imakuonetsani skrini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, yomwe akale timaidziwa kuti 0x7B. Diskiyo sinawonongeke ayi. Iikeni ngati SATA, Windows idzuke, ikani ma driver a virtio-win, wonjezerani kadiski kena kakang'ono ka VirtIO kuti driver iyambe kugwira ntchito, zimitsani, kenako sinthani diski yaikuluyo kuti ikhale ya VirtIO. Onaninso ngati makinawo ankadzuka ndi UEFI, njira yatsopano imene inalowa m'malo mwa BIOS; ngati ndi choncho, mu Proxmox musankhe OVMF, osati SeaBIOS.

Apa ndi pomwe pulogalamu ina yolipira, imene sindiitchula dzina, inandipsetsa mtima. Ofesi ina ku City Centre inaigula ndi madola, m'nyengo ino imene forex ikusowa chonchi, chifukwa otsatsa ake analonjeza kusamutsa kopanda mutu kuwawa. Inasintha diski, Windows n'kuonetsa skrini yabuluu yomwe ija. Titafufuza, tinapeza kuti kuika ma driver kuli mu laisensi ina yodula. Ndalama zonsezo kulipirira ntchito imene qemu-img imagwira ulere!

virt-v2v ya Red Hat ndiyo imalowa m'kati mwa diski n'kuika ma driver a VirtIO yokha. Pa Linux imakonzanso initramfs, fayilo ya ma driver ofunika podzuka. Vuto lake, imalowera ku KVM kokha (injini ya Linux yoyendetsa makina a virtual, imene Proxmox imagwiritsanso ntchito), ndipo imakana Windows imene sinazimitsidwe bwinobwino. Magetsi akathima UPS itatha mphamvu, yatsani makinawo kaye, chotsani Fast Startup (imene imaletsa Windows kuzima kwathunthu), muwazimitse mwadongosolo.

Ndiye Windows yopita ku KVM, virt-v2v. Zina zonse, kuphatikizapo diski za VHDX za Hyper-V ya Microsoft, qemu-img. Diski yoyambirira musaifufute mpaka seva yatsopano itagwira ntchito sabata yathunthu.