Chigubu chotsukira makoko a zipolopolo: chimawalitsa, koma timapini timatopetsa

Patha miyezi isanu ndi itatu chigulire tumbler iyi, makina otsukira makoko a zipolopolo, kuno ku Indiana ku America, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Ndi ija ya chigubu chozungulira cha malita 7, yothiramo madzi ndi timapini tachitsulo chosachita dzimbiri.

Ine ndimadzazira ndekha, m'makoko owomberedwa kale, zipolopolo za mtundu wa .300 Blackout za subsonic, zomwe liwiro lake silifika pa liwiro la mawu, mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Aliyense amene amawombera zoterezi ndi suppressor, chida chochepetsa phokoso la mfuti, akudziwa mmene makoko ake amatulukira: utsi umabwerera m'mbuyo, khoko lililonse lili bii ngati kunsi kwa mphika wa pa mafuwa. Kale ndinkatsukira mu tumbler youma ya zitsononkho zogaya. Kunja ankayera ndithu, koma mkati ndi pakabowo ka primer (kachitsulo kakunsi kwa khoko koyatsa onga) mwaye unkatsala, ndipo fumbi lake limakhala ndi mtovu wochokera m'maprimer. M'nyumba muli ana, sindinafunenso.

Ndi iyi, ndimayamba ndachotsa maprimer akale, kenako madzi ofunda, sopo wotsukira mbale pang'ono, ndi citric acid (asidi wa m'mandimu) wa kunsonga ya supuni. Pakatha maola awiri madzi amatuluka akuda ngati inki, makoko ali mbee mpaka mkati. Kuyera kwa mkatiku sikongokongoletsa ayi. Onga wa subsonic amakhala wochepa, ndiye ukasuzumira m'khoko lowala umaona msanga ngati wathira kapena wadumpha. Ming'alu ya pakhosi nayo imaonekera.

Asidi musamuchulutse. Tsiku lina ndinathira mowolowa manja, makoko onse anatuluka ofiirira, chifukwa asidi amadya zinki n'kusiya mkuwa pamwamba. Kumeneko kunali kulakwa kwanga.

Nyenyezi yachisanu yapita ndi timapini. Timakonda kulowa tiwiritiwiri pakabowo kodutsa moto wa primer n'kukanirira pomwepo, ndipo kamodzi kakatsala m'khoko, kadzadutsa mumpope wa mfuti. Ndiye khoko lililonse ndimaliyang'ana pa getsi, limodzilimodzi, ngakhale akhale 500. Kulekanitsa timapini ndi makoko ndi ntchito ngati yosankha mpunga, ndipo tina timagwa pansi. Mayi a kunyumba anakapondapo kamodzi osavala nsapato, mawu amene ndinamva sindingawalembe pano. Gulanitu maginito otolera timapini, musadikire. Phokoso la tumbler nalonso ndi la kachigayo, moti ndinaisamutsira ku galaja. Chivundikiro chinayamba kudontha mwezi wachitatu mpaka nditaphunzira kupukuta labala lake ndisanamange.

Kuumitsa n'kumene ambiri amapupuluma. M'chilimwe ndimayanika pathawulo padzuwa, koma kuno kukazizira ndimagwiritsa ntchito makina oumitsira zipatso omwe ndinawapatula, sakhudzanso chakudya. Kadontho kamodzi kotsala m'kabowo kangathe kupha primer.

Ngati mumawombera makoko makumi awiri pamwezi, sungani ndalama zanu. Ine amene Loweruka lililonse ndimabwera ndi ndowa, tumbler youma yachikale ija ndinaipereka kale kwa mnzanga.