Starlink kuno ku Mufakose, ndemanga yanga kwa amene mukufunsa ngati ndi yogula

Ndiipatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodzi yomwe ndachotsayo musaidandaule kwambiri, ndifotokoza. Ambiri mwa inu abale akumudzi amene muli kuno ku Harare mumandifunsa zoti kodi chimbale cha Starlink chija, cholandirira intaneti kuchokera ku masetilaiti, chikugwira ntchito kapena ndi ndalama zongotaya. Chikugwira, heavy.

Ine ndinatenga chimbale cha mtundu wa Standard, ija yomwe itangofika mu September 2024 inkagulitsidwa $350 kenako $50 pamwezi. Yaing'ono yake, Mini, inali $200 ndi $30 pamwezi. Kuikako sikovuta, app yake imakuuza uloze kamera ya foni kumwamba kuti ione ngati pali chotchinga, ndiye kwathu inapeza mtengo wa mapeyala wa a landilodi, nthambi ziwiri zokha koma pa sikirini zinkaoneka zofiira ndithu. Tinakambirana ndi madala aja mwaulemu, anati dulani koma mapeyala akachepa chaka chino mlandu ndi wanu achimwene. Tinadula, chimbale tinachimangirira padenga, chinthu chinayaka.

Pa magemu ndipamene ndikuimva kukoma. Kale update ya Call of Duty ikatuluka ndinkaiyang'ana ngati ngongole, magigabaiti onse aja pa bando yogula ndi ndalama ya ndiwo, mpaka umadikira pakati pa usiku kuti utsitse ndi bando yausiku ndiye pofika theka data yatha. Panopa ndimangoisiya itsike ndikupita kokagula buledi. Gemu ya mpira ya EA FC pa intaneti ikuseweredwa bwino, wosewera akuthamanga nthawi yomwe wadina batani osati mawa lake, chifukwa masetilaiti ake ali pafupi, cha m'ma 550 km kumwambaku, osati aja akalekale okhala kutali zedi. Komabe amene muli ndi intaneti ya chingwe (fibre) yabwino m'mayadi umo musaidule, pa ping (kufulumira kwa netiweki poyankha) chingwe ndi chingwe basi. Mvula yamkuntho ikabwera imadukiza pang'ono, ndiye ngati uli pakati pa gemu ndi mnyamata wa ku Johannesburg wagoletsedwa kale. Ndi magetsi athuwa muyenera kukhala ndi inveta kapena sola, Standard imadya mawati 75 mpaka 100, Mini ndiyosadya kwambiri.

Chomwe chimandiwawa ine ndi nthawi yomwe tinataya podikira chilolezo. Kumudzi ku Malawi Starlink inayamba mu 2023, ife kuno ku Zimbabwe POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ikuchenjeza anthu kuti kuigwiritsa ntchito ndi mlandu, mpaka Purezidenti Mnangagwa analengeza pa 25 May 2024 kuti yaloledwa. Munthu wagula chipangizo ndi ndalama yake, waika padenga lake, sakubera aliyense, mlandu wake ndi uti? Itangololedwa anthu anaikhamukira moti Harare inadzaza, anasiya kaye kulandira makasitomala atsopano, ndipo makampani akuno omwe ankatiuza kuti data siingatsike mtengo mwadzidzidzi anayamba kutulutsa mabando opanda malire. Palibe nduna inawalamula, anangoona kuti makasitomala akuthawa. Anzathu a ku Joni mpaka amabwera kudzatisirira, kwawo nkhani ya chilolezo inakodwa pa lamulo loti 30% ya umwini wa kampani ikhale ya anthu akumeneko omwe ankaponderezedwa kale.

Koma apa mvetsani bwino, chifukwa ena mukuganiza kuti mukaika chimbale ndiye boma silingakufikeni. Mukukumbukira January 2019, mafuta atakwera mtengo anthu napita mumsewu, intaneti inazimitsidwa dziko lonse, WhatsApp ndi Facebook zii, sitinkatha ngakhale kuuza amayi ku Dedza kuti tili moyo, mpaka High Court inagamula pa 21 January kuti nduna inalibe mphamvu yolamula zimenezo. Starlink nayo ikugwira ntchito ndi chilolezo cha boma lomwelo, ndipo Interception of Communications Act ya 2007, lamulo lolola boma kumvetsera mauthenga a anthu, ikadalipo. Wopereka chilolezo amathanso kulamula. Nyenyezi ija ndachotsa pamenepa, ngakhale kunena zoona si vuto la chimbalecho. Ine VPN, app yobisa zomwe ukuchita pa intaneti, sindinaichotse mufoni, ndipo nkhani zofunika timakambirana pa Signal, app ya mauthenga achinsinsi.

Za pasiwedi nazo musazitenge mwachibwana. Ikani yaitali, osati dzina la mwana wanu ndi chaka chobadwa, ana a m'makomboni muno ndi akatswiri pongoganizira. App imaonetsa zipangizo zonse zomwe zalumikizidwa, ine ndimasuzumira kawirikawiri, ndikaona foni yachilendo ndimasintha pasiwedi pompo, kenako madzulo umangomva wina akugogoda kuti achimwene netiweki yavuta kodi. Akaunti yanu ya Starlink ndi ya PlayStation ikhale ndi imelo yotetezedwa kawiri (pasiwedi ndi kodi), ndipo musagule chimbale chakale kwa munthu wa pa Facebook musanaone kuti wachichotsa pa akaunti yake, mudzangokhala ndi thireyi yodula padenga.

Ngati ndinu wa WhatsApp ndi TikTok basi, $50 pamwezi ndi yambiri, khalani ndi bando yanu. Koma nyumba ya anthu ambiri, ana akusukulu, wina akugwira ntchito pa laputopu wina ali pa gemu, sonkheranani mugule, mungoyamba mwaona pa mapu awo ngati dera lanu lili ndi malo musanalipire aliyense.