Ngozi za ndege: mlandu wa woyendetsa ndi mlandu wa kampani yopanga

Anthu a ku Angonia ndi ku Moatize amene amakwerera ndege za LAM, kampani ya ndege ya ku Mozambique, pa bwalo la Chingodzi ku Tete sanaiwale tsoka la pa 29 Novembala 2013, pamene ndege ya kampaniyi ya mtundu wa Embraer 190 yochokera ku Maputo kupita ku Luanda inagwa m'nkhalango ya Bwabwata ku Namibia n'kupha anthu onse 33. Ofufuza anapeza kuti ndegeyo inalibe vuto, koma kaputeni anadzitsekera m'chipinda choyendetsera mnzake atatuluka, kenaka n'kuitsitsa dala. Apa mlandu unagwera munthu mmodzi.

Nkhani ya Boeing 737 MAX ndi ina. Ndege ya Lion Air mu Okutobala 2018 ndi ya Ethiopian Airlines mu Marichi 2019 zinapha anthu 346, chifukwa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MCAS inkakankhira mphuno ya ndege pansi mobwerezabwereza, podalira kachipangizo kamodzi kokha kopima mphepo komwe kankapereka uthenga wolakwika. Ena anathamangira kuloza chala oyendetsa, ati sanatsate malangizo a nthawi ya ngozi, chonsecho pulogalamuyi sinafotokozedwe n'komwe m'mabuku awo ngozi yoyamba isanachitike. Woyendetsa amakhala ndi mphindi zowerengeka, mabelu akulira ndiponso chiwongolero chikunjenjemera m'manja, pomwe kampani inali ndi zaka zambiri zopangira ndi kuyesa ndegeyo. Kwa ine mlandu waukulu uli pa Boeing, yomwe mu 2021 inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni, ngakhale kuti bungwe la FAA la ku America, lomwe linaloleza ndegeyo kuuluka, nalonso silingasambe m'manja.