Mankhwala a Bt polimbana ndi mbozi m'munda wa mphesa

Ndagwiritsa ntchito mankhwala a ufa opangidwa kuchokera ku bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, omwe ambiri amangowatchula kuti Bt, kwa zaka ziwiri pa famu ya mphesa pafupi ndi De Doorns, m'chigwa cha Hex River ku South Africa, kumene ndimayang'anira anthu opopera. Tinawagula chifukwa cha African bollworm, mbozi yomweyo imene kwathu ku Malawi imaononga thonje ndi tomato. Kuno gulugufe wake amaikira mazira usiku pamene mphesa zikuchita maluwa, cha mu Okutobala ndi Novembala.

Mankhwalawa sapha mbozi pongoikhudza ayi. Iyenera kuwadyera limodzi ndi tsamba kapena duwa, ndipo akaononga matumbo ake imasiya kudya tsiku lomwelo, ngakhale imafa patapita masiku awiri kapena atatu. Ulendo woyamba mtima unandipweteka nditapeza mbozi zidakali pa matsango m'mawa mwake, koma nditaziyang'anitsitsa ndinaona kuti zalefuka ndipo panalibe pamene zadya pena patsopano. Mbozi zongoswa kumene zinatheratu, pomwe zikuluzikulu zambiri zinapirira, choncho amene sayendera munda wake kukafufuza mazira pa masamba ndi m'maluwa adzangotaya ndalama, chifukwa adzapopera nthawi itadutsa kale.

Dzuwa limawathetsa mphamvu m'masiku ochepa, n'chifukwa chake timapopera madzulo mphepo ikaleka, n'kubwerezanso pakatha sabata ngati mazira akuswabe. Ntchitoyo imachuluka, koma chondisangalatsa n'chakuti njuchi ndi tizilombo todya mealybug (kachilombo koyera koyamwa madzi a mbewu) sizinafe, ndipo sitinade nkhawa ndi zotsalira za mankhwala pa mphesa zopita kunja.

Pa gulugufe wina wotchedwa false codling moth mankhwalawa sanatithandize kwenikweni, ndipo sindikuwaimba mlandu. Mbozi yake ikangoswa imaboola chipatso n'kulowa mkati, kumene mankhwala opopera sangafike. Chimene mumaona ndi kachibowo kakang'ono basi, mpaka mutang'amba mphesayo n'kuipeza mboziyo pakati pa ndowe zake. Popeza mayiko a ku Ulaya amakana zipatso zokhala ndi mboziyi, tinadalira misampha, fungo losokoneza agulugufe aamuna kuti asapeze aakazi, komanso kutola ndi kukwirira zipatso zoonongeka.

Chaka chino ndapempha kuti tiwagulenso mu Seputembala, mphesa zisanayambe maluwa, ndipo tiwasunga pamalo ozizira ndi ouma.